Polishi amene sindinaitanitse

Lachinayi, Nyimba. Lelo mutu wangozungulila.

Loli ya ogulitsa katundu a ku Lusaka yafika ine ndili ku Kacholola. Pobwela ndapeza sopo ndi mchele zimene ndinaitanitsa, koma pambali pake pali makatoni khumi a polishi wopaka pansi, bilu yake ili pamwamba. Polishi! Mamembala a kopaletivu yathu ndi alimi a thonje a ku Ndake, ndipo nyumba zawo amazila ndi dothi. Adzampaka pati?

A Lungu, osunga sitolo ya kopaletivu, anali atasaina kale. Nditawafunsa, andiyang'ana ngati kamwana.

"A Manija, sopo sayenda yekha masiku ano. Mukafuna mkwatibwi, mulandile ndi azakhali ake omwe."

"Ku yunivesite tinaphunzila kuti chimene sunaitanitse sulipila."

"Bwezani, bambo. Mnzanu amene munamlowa m'malo anabweza maambulela m'chilimwe. Loli inkangotidutsa mpaka mvula inagwa, azimai akuchapila phulusa."

Ndinabwela kuno kudzathetsa zinthu ngati zimenezi, ndipo kalata yokana ndalemba kale, yaukali ndithu. Koma sopo akasowa, anthu sadzatukwana a ku Lusaka, adzatukwana ine. Ndikalipilanso, komiti idzati mwana wophunzila wagula polishi ndi thukuta la alimi. Nanga cholondola n'chiti?

Loli idutsanso mailo, Lachisanu, pochokela ku Petauke. Potseka, a Lungu andifunsa kuti makatoniwo awaike pakhomo kuti abwezedwe kapena pashelefu. Ndati ayambe awasiya pakati. Aseka mpaka kutsokomola, ndipo ine sindikudziwabe kuti mailo ndidzati chiyani.