Ndamenya mayi anga odwala kachitatu, kodi Mulungu watopa nane?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mayi anga anagwa sitiroko chaka chatha, ndiye ndinawatenga ku Thekerani kuti tizikhala limodzi kumalaini, kunyumba za antchito a paesitetipo. Sayenda, ndipo nthawi zina amadziipitsira.

Ndimaweruka msana ukuwotcha chifukwa cha dengu, ndikupeza mphasa yanyowa. Ulendo woyamba ndinawamenya padzanja. Ndinalira, ndinalapa. Wachiwiri ndinasala kudya masiku awiri, n'kulonjeza Mulungu kuti basi. Koma Lachinayi lapitali, nditavala kale yunifolomu ya Mvano, anataya phala pabulauzi yanga, ine mbama patsaya. Iwo sanalire. Anangoti, "Pepa mwananga, ndakutopetsa."

Lamulungu abusa analalikira kuti, "Mulungu ndi woleza mtima, koma sapusitsidwa. Wolapa chobwereza tsiku lina adzapeza chitseko chotseka." Ndinangowerama. Mgonero sindinalandire. Mnzanga Lestina atandifunsa ndinanama kuti m'mimba. Kutchalitchi amandiyamikira kuti ndimasamala mayi. Aphungu, kodi chitsekocho chatsekeka kale?

T.M., Thyolo

Mayi T.M.,

Chitseko sichinatsekeke. Munthu amene Mulungu wamusiya sachita manyazi ngati anuwa. Koma musathamangire kupuma, abusa anu sananame. Kulapa si misozi yokha ayi, ndi kusintha njira. Mwalira, mwasala kudya, koma zomwe zimakufikitsani pa mbama simunasinthe ngakhale chimodzi. Mukapitiriza chonchi mtima uzolowera, ndipo tsiku lina mudzamenya osamva kanthu. Choopsa ndi chimenecho.

Yambani ndi amayi anu. Gwadani pamphasa pawopo, muwauze kuti olakwa ndinu, osati iwo. Kupepesa Mulungu n'kudumpha munthu amene mwamupweteka n'kudzinamiza.

Kenako ululani kwa munthu wamoyo. A Lestina anafunsa chifukwa amakukondani, auzeni zoona. Tchimo limanenepa likabisidwa.

Komanso mwatopa, mayi. Kutopa si tchimo, koma kukana thandizo kuti anthu azikutamani kukupweteketsani. Mayiwo ali ndi abale ku Thekerani. Aitaneni, mugawane masabata. Pemphani amayi a Mvano azisinthana kudzawaona masana, ndipo kuchipatala akuphunzitseni kasamalidwe ka wodwala wotere. Mukamva kutentha pamtima, ikani mbale pansi, tulukani panja mpaka manja azizire.

Mukachita izi, bwererani ku mgonero. Gome limenelo ndi la olapa.

Koma ndikuchenjezeni. Amayi anu sangathawe, sangakadandaule kwa wina. Dzanja likadzakwezekanso, musadikire kusala kudya kwina. Tsiku lomwelo apititseni kwa achibale, ngakhale malaini onse akuneneni.

Aphungu