Madzi a Mumgolo

Lamlungu, 2 Febuluwale

Nabotolo wandinyoza. Mdzukulu wanga weniweni! Wandibweretsera mabotolo asanu ndi awiri, lililonse walimanga ulusi wa mtundu wakewake, ati ndisasokoneze masiku. Ngati sindidziwa kuwerenga. Kusukulu sindinapondeko, inde, koma malemu agogo ake anandiphunzitsa zilembo pa matumba a mchere, ndipo kope ili ndikulemba ndi dzanja langa.

Mtsinje wasefukira, ukukhuthulira m'thamanda lathu la madzi amchere. Mwanayu akufuna botolo limodzi tsiku lililonse, lotunga pakati penipeni, pa chikhomo chomwe anazika m'madzimo. Ati muli tizilombo tosaoneka ndi maso, akufuna aone chomwe madzi a mtsinje atichite. Ndiwo mayeso ake otsiriza kusukulu yaukachenjede. "Agogo, mukwanitsa koma?" Kufunsa ine! Zaka makumi asanu nkhafi ili m'manja.

Lolemba, 3 Febuluwale

Bwato linagudubuzika ndisanafike n'komwe pa chikhomo. Chitsa, madzi ofiira, basi ndili pansi. Ndinatuluka chokwawa ngati nkhanu. Nkhafi yapita. Palibe anaona.

Madzi omwe ndinamwa, opanda mchere, ngati a pachitsime.

Botolo ndadzaza mumgolo wakuseri kwa nyumba, momwe ndimasungira nkhono kuti zilavule mchenga. Ndinatunga sabata yatha mtsinje usanakwiye. A m'thamanda omwewo. Madzi ndi madzi.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Botolo lachinayi. Mumgolo momwemo.

Ndikafika pagombe ndikungoyang'ana madzi, n'kubwerera. Ine.

Mlamu wanga wosoka maukonde uja: "Alamu, bwato louma chonchi, mukupalasa pamtunda kodi?" Ndinati kunjaku kuli mphepo. Anangoseka ndi mano ake awiri aja.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Nabotolo wabwera kudzatenga mabotolo, waika m'kabokosi kake kozizira. Wandigulira chipewa. Sindinayese n'komwe.

Mphepo inali yochokera kunyanja, fungo sanalimve. Thamanda labiriwira m'mbali monse, likununkha mazira owola. Tinsomba mimba kumwamba. Sindinamuperekeze kugombe, ndinati msana.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Waimba foni, mawu ali m'mwamba. "Agogo, tizilombo sitinasinthe ngakhale pang'ono! Mabuku onse amati mtsinje ukalowa, ta mchere timafa, ta m'matope timachuluka mpaka kumaliza mpweya m'madzi. Koma thamanda lathu n'lolimba ngati inu!"

Ndinati zikomo. Ndinatero ndithu.

Mphunzitsi wake akukayika, ati mabotolo akufanana ngati mapasa, mwina mwanayu anangopeka manambala. Iye akuti anaimirira, namuyankha kuti, "Agogo anga sanama."

Mgolo ndakhuthula, nkhono ndataya. Ngati kutero kungathandize kanthu.

Loweruka, 1 Malichi

Lachisanu likubwerali aimirira pamaso pa aphunzitsi onse ndi pepala lake. Akatumiza munthu kudzaona thamanda, amuchotsa sukulu ngati wakuba. Zaka zinayi zonse. Mayi ake anatupa mapazi pa makina osokera chifukwa cha sukulu imeneyi.

Ndinamuimbira kuti ndinene. Ndinafunsa za mvula ya kumeneko. Ndinafunsanso ngati akudya bwino. Ndinadula.

Manyazi anapha lambe, amatero akuluakulu. Koma apa wofa si ine.

Lolemba, 3 Malichi

M'mawa ndinapita kwa mlamu kukabwereka nkhafi. Sanaseke. Anangoti, "Ndinakuonani tsiku lija, alamu. Chipewa chanu chakale chinakodwa muukonde wanga." Mwezi wathunthu ali nacho m'nyumba, osanena.

Pakamwa pandikanika, ndiye kope ili likwera galimoto ya nsomba masana ano. Ndamanga ndi ulusi wako womwe uja.

Iwe Nabotolo, wawerenga. Zilembo n'zokhota koma wamva. Pepala lija usalipereke. Pita kwa mphunzitsi wakoyo lero lomwe, usadikire Lachisanu, umuonetse tsamba la pa 3 Febuluwale. Umuuze kuti wabodza si iwe, ndi nkhalamba yoopa madzi. Akafuna kundimva ndekha, abwere, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukatero ubwere ndi mabotolo ena, mtsinje ukadali wofiira. Upalase ndiwe. Ine ndikhala kutsogolo, ndizigwira mabotolo.