Anati Andipeza Kutsidya kwa Ruo

Lachitatu, kuno ku Bangwe. Chiperoni chakhala tsiku lonse, kuzizira mpaka m'mafupa.

Mdzukulu wanga Chisomo wabwera ndi buku latsopano limene anzake akukoleji akulichemerera. Akuti analemba ndi mzimayi, ndipo ndi nkhani ya amayi othawa nkhondo ku Mozambiki. Amawerenga Chingerezi n'kumandimasulira.

Atafika poti amayiwo ankaimba nyimbo powoloka mtsinje, ndinamudula. "Iwe, wolemba ameneyu sanathawepo ngakhale galu! Ankaimba ndani? Ife mwana tinkamutseka pakamwa ndi bere."

"Ndiye fotokozani inuyo, agogo, ine ndilembe."

Ndinangomuuza kuti apitirize kuwerenga. M'bukumo muli mayi wina amene anabwerera kukatenga mwana wa mnzake. Mng'ono wanga Esinta anachita zomwezo pa Ruo. Anati, "Achemwali, tsogolani, ndikupezani kutsidya." Mpaka lero alibe manda, ndipo sitinamulire, poti kwathu salira maliro opanda mtembo.

Chisomo akuti mawa timalize, tione ngati mayi uja anawoloka. Ndamuuza kuti akabweze bukulo kwa eni ake. Akawoloka, ndimuda wolembayo chifukwa cha bodza. Koma akapanda kuwoloka, ndiye kuti Esinta wanga...