Ndowe M'chipinda Choswalira

Kawinga, Machinga

Okondedwa bambo a Ramla,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndipo chifuwa chija chinasiya. Kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa mukaimba foni, bambo anu amaikweza mawu kuti nyumba yonse imve.

Mukudziwa mmene matekenya anatisautsira chilimwe chino. Zala za Ramla zinachita kutupa, ndipo bambo ankayenda chotsimphina. Ndinauza mayi anu kuti kwathu ku Utale timasakaniza mtsiro ndi ndowe za ng'ombe, tikazira pansi pamalimba, fumbi limatha, tizilombo timathawa.

Mayi anati tiyese, koma bambo asamve. Ndowe anakapempha okha kwa mwini ngolo uja, beseni anandisenzetsa okha. Tinazira nyumba yonse, ndi kachipinda kamene bambo amaswaliramo komwe. Pansi panasalala ngati simenti, bambo mpaka anandiyamikira.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, bambo a Ramla. Ndinkaganiza kuti tikubisa chifukwa cha fungo chabe. Sindinkadziwa kuti kwa bambo ndowe ndi najisi, chinthu chodetsa malo opempherera.

Sabata yatha mlamu wanga Lukiya anaona timaudzu ta m'ndowe m'dothimo, nakanena kwa bambo. Bambo anakwiya kwambiri. Anati aswali Ramadani yonse pa uve, ndipo anafunsa amene anachita zimenezi. Ndinayang'ana mayi. Mayi anayang'ana pansi.

Ndinavomera ndekha. Lukiya akuuza anthu pachitsime kuti Mkatolika wachita dala kuti aononge swala za apongozi ake. Zimenezi zikundiwawa kuposa matuza ali m'manjamu, poti ndakumba pansi ponse ndi khasu n'kukataya dothilo kudzala.

Bambo akuti Lachisanu likudzali, akatuluka mu mzikiti, akhala pansi ndi amalume anu. Akuti mwina ndibwerere ku Utale mpaka inu mudzabwere. Inu mudzabwera liti? Chaka chino ndi chachitatu chichokereni.

Dzulo mayi anandipeza kudambo ndikukumba mtsiro wina. Anagwira dzanja langa n'kulira, nati ndikawatchula, ukwati wawo wa zaka zonsezi utha. Nanga wanga ndi wamasewera?

Pabwalopo sindiwatchula, ndalonjeza. Koma inu ndakuuzani, chifukwa sindifuna kuti mudzamve za Lukiya n'kukhulupirira. Chonde imbani Lachisanu lisanafike. Auzeni bambo kuti mkazi wanu analakwa posadziwa, ndipo sachoka pakhomo panu. Mawu anu amawamvera, anga ayi. Mukakhala chete, ndidziwa kuti mwayankha.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu. Mupereke moni kwa achimwene a Twalibu ndi onse amene mukukhala nawo.

Ramla akuti mumugulire nsapato. Chikumbireni pansi paja, matekenya abwerera, ndipo m'mawa uno ndamuchotsa awiri. Agogo ake aakazi ndiwo anamugwira miyendo, osandiyang'ana kumaso.

Ndine mkazi wanu,
Joanna