Kapu Yanu Yoboola Pansi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Chilenje mvula yayamba, ndipo denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni.

Mdzukulu wanu Tisa wabereka mwana wamkazi ku Chelstone, am'patsa dzina lanu. Kamunda ka kuseri kanatipatsa mondokwa basi. Ufa timauimira pamzere kuyambira m'mamawa, sopo ndiye timangomva mbiri. Achimwene Yohane tinawaika m'nyengo yozizira. Mwina mwaonana kale.

Sabata yatha, ndikuphunzitsa ku Kabulonga, tinapeza m'buku liwu la Chingerezi lakuti outlive. Ndinafotokoza kuti Azungu amanena ndi liwu limodzi zimene ife timazungulira nazo: kukhalabe ndi moyo mnzako atapita. Amanenera munthu, amaneneranso chinthu, monga mpando umene mwini wake anamwalira koma iwo ulipobe. Nditatembenuka kuti ndilembe chitsanzo pa bolodi, ndinakumbukira maliro anu. Amayi, pa abale onse amene tinaponya dothi m'manda mwanu, ndatsala ndekha. Tisa anali wamng'ono, ndipo ana sitipita nawo kumanda. Ine ndikapita, palibenso wodziwa pamene mwagona.

Loweruka ndinakwera basi kudzakuonani. Manda akula ngati komboni. Chikwangwani chachitsulo cha dzina lanu anazula, akuti ena amakhomera mbaula. Mtengo uja tinkalondolera pofuna manda anu anadula. Ndinazungulira m'maudzu mpaka dzuwa linafika pamutu, mphunzitsi wamkulumkulu kumawerenga mayina a eni ake, kusowa amayi anga.

Mukudziwa chinandipulumutsa? Kapu yanu yachitsulo ija, yoyera, ya mkombero wobiriwira. Ija munkatikalipira tikamweramo. Tsiku la maliro malume anaiboola pansi ndi msomali kuti wina asaitole, n'kuiika kumutu kwanu. Ine ndi sukulu yanga ndinachita manyazi, ndinati zimenezo n'zakumudzi, muno ndi mu Lusaka. Lero chikwangwani chimene ndinalemba ndekha kulibe, kapu ilipo, yapendekeka m'dothi. Paja munkati, chinthu ukachisamala chimakuika m'manda. Liwu lija munalidziwa kale, Amayi, musanaone buku.

Ndinazula udzu, ndinaiimika bwino kapuyo, ndinakhala pansi. Panalibe wina woti ndimuuze kuti ndakupezani.

Simenti ya chiliza ikusowa mtauni monse. Ndalembetsa dzina, angoti dikirani. Koma kapu yayamba dzimbiri m'mbali, nanenso mawondo ayamba kudandaula. Sindikudziwa atsale ndani, ine kapena iyo.

Choncho sindidikira simenti. Loweruka likubwerali ndibwera ndi Tisa. Ndidzayenda pambuyo, iye patsogolo, awerenge yekha mizere ya manda kuchokera pachipata mpaka ataipeza kapuyo ine osaloza. Akaphonya tidzabwerera pachipata n'kuyambanso.

Ndimakukondani, Amayi. Tidikireni Loweruka.

Ine mwana wanu wotsala,
Lameki