Kansalu ka Chitenje cha Nkhanga

Scarborough, Toronto
13 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata iyi ikupezani mutapezako bwino ndipo mutu uja unasiya kuwawa. Ndapatsira Mayi Agnes a kutchalitchi kwathu kuno, amene akunyamuka mawa kubwera kumudzi. Ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu, osati mwa amalume a Norbert. Ndalemba pamanja chifukwa patha masabata atatu foni yanu ikungoitana osayankhidwa, ndiye ndati pepala lokha mwina mulilandira.

Achimwene a Medson anandiuza zonse. Akuti chitumizireni ine uthenga uja wopempha kansalu ka chitenje chanu cha nkhanga, chimene munkandiberekera ndili khanda, pakhomo palibe mtendere. Akuti patangopita masiku anayi BP yanu inakwera mpaka munakagona kuchipatala, ndipo amalume anasonkhanitsa abale n'kunena kuti Ulemu akufuna kukhwimira mayi ake kuti alemere kunjako. Akuti chitenjecho munachitsekera m'sutikesi ndipo kiyi mukugona naye. Amayi, nditamva zimenezi ndinangoti khwaa pabenchi ya pasiteji ya basi, n'kulira anthu akundiona. Komabe amalume sindikuwada. Ndikanakhala kumudziko, n'kumva kuti mwana wa uje wapempha chidutswa cha chovala cha mayi ake osanena chifukwa, nanenso ndikanaganiza zomwezo. Wolakwa ndine amene ndinabisa chifukwacho, ndipo lero ndikuuzani zonse.

Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka sindipita kukwaya monga ndinkakuuzirani. Ndimapita kokaphunzira nkhonya. Inde Amayi, ine Ulemu wanu yemwe uja munamukwapula ali Sitandade 5 chifukwa chong'amba diresi la mwana wa aphunzitsi pa ndewu. Ndipo diso lotupa lija munaliona pa vidiyo mwezi wa Juni silinali la chitseko cha kabati ayi.

Zinayamba nyengo yozizira ya chaka chatha. Ntchito yanga yosamalira okalamba mukuidziwa: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kenako ukawazolowera umapeza bedi lawo layalidwa mwatsopano, mwini wake palibe. Mwezi umodzi wokha tinataya atatu. Kunja chisanu, dzuwa kulowa faifi koloko isanakwane, ine n'kumangofika m'nyumba n'kudziponya pabedi osadya. Pa foni ndinkakuuzani kuti zonse zili bwino. Mnzanga wa kuntchito, Mathilda wa ku Chipata ku Zambia, ndiye anandiona kuti ndikutha. Tsiku lina anandikoka dzanja nati, "Iwe Ulemu, uzafa na maganizo mu apatimenti muja. Tiye ku jimu ukachaye thumba, sitiresi yonse izasila."

Jimuyo ndi chipinda chapansi, kunsi kwa sitolo ya matayala, chonunkha thukuta ndi mafuta opaka ngati aja a chimfine. Masewera ake amatchedwa Muay Thai, nkhonya za ku Thailand. Samenya ndi zibakera zokha, amagwiritsanso ntchito zigongono, mawondo ndi miyendo. Mphunzitsi wathu timangowatchula kuti Kru, kutanthauza aphunzitsi m'chinenero chawo. Ndi bambo wachikulire, wamfupi, wa mphuno yophwatalala, mwana wa alimi a mpunga amene anayamba kumenya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku loyamba ndinalimenya thumba lolendewera lophunzirira nkhonya lija ngati landibera mbuzi. Iwo anabwera, anandigwira dzanja nati, "Wakwiyira ndani? Thumbali silinakulakwire. Yamba waphunzira kupuma."

Ndipo kupumako ndi kumene ndaphunzira kwambiri. Mwezi watha agogo ena osokonezeka mutu anandimenya mbama ndikuwasintha malaya. Kale ndikanathawira kuchimbudzi kukalira ndi mkwiyo. Tsiku limenelo ndinangokoka mpweya, ndinawagwira dzanja pang'onopang'ono n'kumaliza kuwamanga mabatani. Masiku ano ndikudya, ndikugona tulo, ndipo Lamlungu sindijomba kutchalitchi.

Tsopano za kansalu. Kru amakonda kutikhazika pansi tikatopa n'kumatiuza mbiri. Akuti masewerawa anachokera kwa asilikali akale a kwawo, ndipo magolovesi asanabwere anthu ankangokulunga zingwe m'manja. Akuti mnyamata akamapita kunkhondo, mayi ake ankang'amba kansalu m'mphepete mwa nsalu yawo yovala n'kumumanga pamkono, kuti asaiwale kuti kunyumba kuli munthu akumudikira. Mpaka lero womenya aliyense amamanga kansalu pamkono polowa m'bwalo. Pa 23 Novembala ndikamenya mpikisano wanga woyamba ku Mississauga, mzinda woyandikana nafe, ndiye ndinafunsa kuti kanga ndikagule kuti, poti anzanga onse amangogula kusitolo. Kru anandiyang'ana nati, "Iwe amayi ako ali moyo, ukagule bwanji kusitolo?" Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kawo, kosuluka, kongotsala ulusi. Amayi awo anamwalira iwo ali kuno, ndipo kumaliro sanapite. Anakapinda bwinobwino n'kukabwezera.

Nditatuluka ndinakwera basi yobwerera kunyumba. Ndili m'basi momwemo ndinakulemberani uthenga uja. Ndinalemba za nkhonya, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufutanso, chifukwa ndinkamva kale mawu anu akuti mwana wamkazi wakuleredwa samenyana. Ndiye ndinangopempha kansalu kokha, osaganiza kuti pempho lotere kwathu limamveka bwanji. Zaka zinayi zokha kunja, ndaiwala zimene mwana aliyense wa ku Nsipe amadziwa. Ndikuchita manyazi kwambiri.

Sindikubisiraninso kanthu. Kwawo kwa Kru alipo amene amapita nako kansaluko kwa akuluakulu a chipembedzo chawo, ndipo amakhulupirira kuti kamateteza. Nanenso zinandivuta, moti ndinawafunsa Kru maso ndi maso kuti, "Ine ndine Mkhristu, kodi chimenechi si chithumwa?" Anaseka mpaka kutsokomola, akuloza mphuno yawo. "Ine ndinavala kanga n'kuthyoledwa mphuno kawiri. Sikatchinga chibakera. Kamangokukumbutsa kuti ndiwe mwana wa munthu." Zimenezo ndi zimene ndinkafuna ine, Amayi. Zoti ndilemera nazo muwauze amalume kuti aiwale, wopambana amangopatsidwa kamendulo kopepuka ngati chitsekerero cha botolo.

Ndikudziwa kuti muda nkhawa ndi mpikisanowo. Timavala chisoti chofewa kumutu ndi zotchinga m'miyendo, dokotala amakhala pomwepo, ndipo ndi zigawo zitatu za mphindi ziwiriziwiri basi. Mantha ndili nawo, sindinama. Koma mantha a chibakera ndi ochepa poyerekeza ndi awa, oti mayi wanga akugona ndi kiyi wa sutikesi chifukwa choopa ine.

Tisanayambe kumenyana pali mwambo wina. Womenya amagwada pakati pa bwalo n'kuwerama katatu, kuthokoza amene anamulera ndi amene anamuphunzitsa. Kru anati aliyense amadziwa yekha amene akumugwadira mumtima. Poyeserera ndimagwada mmene munandiphunzitsira pogwadira akulu, mawondo onse pansi, ndipo anzanga amadabwa kuti ndinaziphunzira kuti. Nthawi zonse amene ndimamuona ndinu, mutakhala pakhonde mukusankha nyemba.

M'envelopu muno mupezamo kansalu kobiriwira. Mukangokaona mukazindikira. Ndang'amba m'mphepete mwa diresi lija munandisokera kuti ndikwerere ndege, ndipo ndinalivala dzulo tsiku lonse, silinachapidwe. Ngati n'zoona kuti munthu angaphedwe ndi chidutswa cha chovala chake, ndiye moyo wanga ndi umenewo, ndauika m'manja mwanu. Mukafuna kapatseni amalume apite nako kulikonse kumene angafune kukafufuza. Ine sindikuopa, chifukwa ndikudziwa dzanja limene likalandire.

Chitenje chanu musang'ambe, chisiyeni momwemo. Pa 23 ndidzalowa m'bwalo mkono uli wopanda kanthu, ndipo kusitolo sindikagula. Pempho langa latsala limodzi lokha. Lamlungu mukabwerako kutchalitchi ndidzaimba foni. Muyankhe, Amayi. Ngakhale mutandikalipira za nkhonyazi mpaka batire kutha, ndidzamvetsera osadula mawu.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Medson, alamu ndi ana onse. Amalume a Norbert muwauze kuti sindinaiwale kuti ndi iwo anandinyamulira chikwama mpaka pa eyapoti, ndipo ndikuwathokoza kuti amakutetezani, ngakhale kwa ine amene. Mankhwala a BP muzimwa tsiku lililonse, osati mutu ukawawa pokha, ndipo mchere muchepetse ngakhale ndiwo zisakome.

Ndine mwana wanu, yemwe uja munkamubereka m'chitenje cha nkhanga,

Ulemu