Pepala Loti Lipite kwa a Magalasi

17 Malichi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira mwendo wa apongozi ako ukupola, ndipo nawe ukupumako. Kuno tili bwino, kupatula nkhani imene yanditsamwa masiku khumi ndi awiri.

Pa 3 Malichi, usananyamuke, unandipeza ndikukolopa pakhomo la chipinda cha makompyuta. Unati masamu a digiri yako, amene makina anali atawerengera masiku 63, wawagoneka pomwe anafika, ndipo ayenera kudzutsidwa pa makina atsopano lisanafike la 14, tsiku lofufuta akalewo. Unandisiyira pepala loti ndipatse a Magalasi, oyang'anira makina aja, akabwerako kutchuthi.

Ndinaliika m'thumba la epuloni. Pa 5 ndinachapa epuloniyo. Pepala linatuluka ngati thonje lonyowa.

Ndikanangokuimbira foni. Koma ndinati ine amene ndinakulera, ndilephere kusunga pepala limodzi? Ndinadzinamiza kuti mawu ako ndikuwakumbukira. Pa 9 ndinagogoda kuofesi kwawo n'kunena kuti, "Bambo, mng'ono wanga akupempha makiyi onse a makina."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Onse, mayi? Ndi a galimoto yanga omwe?"

Kenako anandifotokozera mofatsa. Ati wophunzira aliyense ali ndi kachipinda kakekake mkati mwa makinawo. Mmenemo ndiye mwininyumba, koma mtima wa makina, umene amautcha kenelo, sumulola kudzutsa ntchito yogonekedwa popanda chilolezo. Kupereka makiyi onse n'kutsegula zitseko za ophunzira ena 22. "Akufuna chiyani kwenikweni? Andilembere."

Ndinati chabwino bambo, ndinatuluka, ndinatenga tsache langa. Tsiku lililonse ndinkati ndiulula mawa.

Pa 14 anafufuta, ndi masamu ako omwe.

Dzulo ndinawauza zoona zonse. Anapukuta magalasi awo. "Mayi, chilolezo chodzutsira ntchito m'chipinda chake n'chapadera, chaching'ono. Sichikhudza munthu wina. Ndikanachipereka pa mphindi ziwiri."

Mphindi ziwiri, mng'ono wanga.

Koma anthu abwino alipo. A Magalasi ati akukubwereka makina awiri kuti uyambirenso. Ndawerengera katatu kuseri kwa kalendala: kuyambira Lolemba pa 20 kufika pa 30 Epulo, tsiku lopereka ntchito yako, ndi masiku 41. Pa makina awiri, 63 aja asanduka 32. Akutsalira 9 olembera. Ndi ochepa, ndikudziwa, ndipo ukachedwa tsiku limodzi atsala 8. Ndiye chifukwa chake kalatayi ndikupatsira dalaivala wa basi ya m'mawa. Pafoni mawu akanandithera.

Nambala ya a Magalasi ndailemba kuseri kwa kalatayi. Ati uwaimbire wekha, usatumenso munthu. Sindinawatsutse.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa odwalawo. Ana akufunsa kuti amayi aang'ono abwera liti. Uyambe waimbira a Magalasi. Ine ukandiimbira ukadzafuna, ngakhale kukhale kondikalipira, ndidzayankha.

Ndine mkulu wako.